Ma puzzle odulawa ndi abwinodi kapena timangolipira dzina?

Mayi_a_Tada:

Moni nonse muno. Alipo amene amadziwa bwino za ma jigsaw puzzle? Ndikunena zithunzi zoduladula zija zoti uzilumikiza wekha timapisi mpaka chithunzi chonse chituluke. Ine ndayamba chaka chomwe chino, yoyamba ndinaipeza kwa mayi wina wogulitsa zidole za mu belo pa msika kuno ku Zomba, ya mapisi 500, chithunzi cha maboti ali pa doko, bokosi lake lotha kale koma mapisi olimba bwinobwino, ukaika pamalo pake umachita kumva kuti eya yalowa. Inandikomera moti nditamaliza ndinakagula ya 1000 yatsopano mu shopu ina m'tauni, yotchipa ndithu. Abale inu. Mapisi opyapyala, pepala la pamwamba likusupuka lokha, fumbi la katoni mbwee pa tebulo, ndiye choipitsitsa pisi imodzi ikumalowa malo awiri atatu. Mbali ya mitambo ndaimaliza koma kwatsala mapisi oti sakulowa paliponse, kusonyeza kuti pakatipo pali ena akhala malo a anzawo, ndipo kuti uwapeze ndiye uphwasule zonse. Panopa ili mu jumbo pamwamba pa wadirobu, mtima unachokapo.

Nde achimwene anga ali ku Joni akubwera pa Khrisimasi, andifunsa choti anditengere. Ndawauza za puzzle, apeza za kampani ina yotchedwa Ravensburger koma mtengo wawadabwitsa, akuti katoni basi mpaka ndalama zonsezo? Funso langa ndi loti kusiyana kulipodi kapena munthu umangolipira dzina? Komanso chithunzi chabwino kwa munthu wongoyamba ndi chotani? Chinanso, tebulo m'nyumba muno ndi limodzi, lomwelo timadyerapo lomwelo ana amalemberapo homuweki, anzanga mumapangira pati?

Nabanda_UK:

Asisi takulandirani ku matenda athu kkkk, awa sachizika. Kusiyana kulipo ndipo sikochepa. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, pamalo pathu pa tebulo la pa windo sipasowa puzzle chaka chonse, nde zadutsa m'manja mwanga zabwino ndi zachabe zomwe.

Nkhani yaikulu yagona pa mpeni umene anadulira. Ku fakitale amamata chithunzi pa katoni kenako amadinda ndi chimakina chokhala ndi mipeni yachitsulo yopindapinda, chimadula mapisi ambirimbiri nthawi imodzi. Makampani osamala mipeni ija amaipinda mwaluso kuti pisi iliyonse ikhale ndi kaumbidwe kakekake, olo kusiyana kwake kuchepe bwanji, ndiye pisi yolakwika imakana yokha, kapena ikalowa imagwedera umadziwiratu kuti apa ayi. Otchipawa amangobwereza shepu imodzimodzi mzere wonse, ndi chifukwa chake yanuyo ikulowa paliponse ngati kwawo. Ndipo mpeni ukabuntha osausintha ndi pomwe mumaona fumbi lija ndi mapisi ena ogwirana oti uchite kung'amba. Taitsitsani pa wadirobupo mutembenuze mapisi muone kumbuyo, zambiri zotchipa amadindako zilembo, A A A kenako B B B, kugawa chithunzi m'zigawo. Kwa ine ukaona zilembo ndiye kuti eni akewo akudziwa kuti kadulidwe kawo sikangamuthandize munthu. Komabe ngati zilipo zikupulumutsani pa mitambo yanuyo, tsetserekani chigawocho pa katoni, muvindikire ndi katoni ina, mutembenuze, muona pisi ya C yakhala pakati pa ma B.

Ravensburger ndi ya ku Germany, ku tauni ya Ravensburg, kampani yakale inayamba 1883 ngakhale ma puzzle anayamba kupanga 1964. Katoni yawo kumbuyo ndi yabuluu, yokhuthala bwino, ndipo pamwamba sinyezimira. Chimenechi musachipeputse makamaka kumudziko poti nthawi yanu yopanga idzakhala usiku ana atagona, pa babu limodzi kapena pa nyale ya sola magetsi akathima. Puzzle yonyezimira imakubwezera kuwala m'maso, buluu ndi girini zimangooneka chimodzimodzi, umachita kupendeketsa mutu mpaka khosi kuwawa. Ine mayeso anga ndi oti ndikalumikiza kachigawo ndimakanyamula pa kona ndi zala ziwiri. Yabwino imanyamuka osayoyoka, ndipo zimathandiza chifukwa nthawi zambiri umamanga kanyumba kapena kagalimoto pambali kenako nkukasamutsira pamalo pake.

Sikuti ndi Ravensburger yokha ayi. Kuno kuli Gibsons ndi yabwino, kuli Clementoni ya ku Italy zithunzi zake zokongola zedi, Educa ya ku Spain, Trefl ya ku Poland imatsikirako mtengo. Ine yomwe ndimaikonda ndi Cobble Hill ya ku Canada chifukwa mapisi ake sadulidwa m'mizere, ina yaitali ina yopindika ina yooneka ngati ya m'mphepete pomwe ndi ya pakati, imakupusitsa koma mokoma.

Za chithunzi, thawani mitambo yambiri, nyanja, chipale, mdima, ubweya wa mphaka wakuda. Pa bokosi zimaoneka bwino koma ukayamba umapeza mulu wa mapisi ofanana, palibenso chosangalatsa, umangoyesa imodzi imodzi. Tengani chithunzi chodzadza, msika, mashelefu a mabotolo, nsalu zamitundumitundu, mbalame zosiyanasiyana, choti pisi iliyonse ukainyamula ili ndi kenakake kokuuza kwawo. Pali zojambula za Jan van Haasteren wa ku Netherlands, timakatuni ta anthu piringupiringu aliyense akupanga zake zopusa, ana anu azikonda chifukwa amapeza zoseketsa pena paliponse. Ndipo pali anthu ena okonda kuzunzika, Ravensburger yomweyo ili ndi ina yotchedwa Krypt yopanda chithunzi, mtundu umodzi basi siliva kapena golide, umangoyendera shepu. Achimwenewo asayerekeze.

Kukoma kwake ine ndimakuona kwambiri kuntchito. Pali agogo ena oti tsiku lonse sayankhula, koma ukakhala nawo pa puzzle, iwe mbali iyi iwo mbali iyo, popanda kuwafunsa kanthu amayamba okha kukamba za kale, nyumba iyi ikufanana ndi ya amayi anga, sitima ngati iyi ndinakwerapo. Maso ali pa tebulo, manja ali bize, pakamwa pamamasuka. Ineyo ndikaweruka shifiti yaitali mutu utadzadza, ndimaika foni uko, ka tiyi apa, mapisi khumi okha mtima umatsika. Vuto ndi loti sakhala khumi, umati imodzi yokha ndikagone, kuyang'ana wotchi 1 koloko.

Mjomba_wa_Bawo:

Koma anthu muli ndi nthawi amwene. Munthu watenga chithunzi chabwinobwino, wachiduladula dala, wakugulitsa modula, iwe ukhale masabata ukuchibwezeretsa, ukamaliza uphwasulenso ubwezere mu bokosi. Phindu lili pati apa? Bola bawo pali mnzako woti umudye, anthu azungulira, pali kunyozana, wodyedwa amachoka pa benchi. Izizi wopambana ndani? Achemwali auzeni achimwenewo ndalamayo angokupatsani muwonjezere pa feteleza. Ndangodutsa musandigende kkkkk

Aphunzitsi_Opuma:

Mjomba, simugendedwa, koma ndikufunseni, mukatha gemu nkhomo 64 zija simuzibwezeranso m'maenje nkuyambiranso? Mwapita nacho chiyani kunyumba? Masewera onse ndi choncho. Kusiyana nkwakuti bawo imafuna mnzako, pomwe iyi mayi akhoza kupanga yekha usiku, kapenanso banja lonse pamodzi popanda woluza woti akagone atakwiya.

Ndipo chinthuchi sichinayambe ngati chidole. Chinayambira pa ntchito yathu ya uphunzitsi. Ku London kunali munthu wojambula mapu dzina lake John Spilsbury, m'zaka za m'ma 1760 ankamata mapu pa thabwa lopyapyala nkumacheka ndi kasowo kakang'ono motsata malire a maiko, kuti ana aphunzire jogalafe pobwezeretsa dziko lililonse pamalo pake. Ya Ulaya imene imatchulidwa kwambiri ndi ya 1766. Zinali za ana a anthu olemera chifukwa chilichonse chinkachekedwa pamanja. Zinafika kwa anthu wamba atayamba kudinda pa katoni ndi makina, ndipo nthawi imene zinatchuka koopsa ndi nthawi ya mavuto a zachuma ku America, kumayambiriro kwa 1933 ankagulitsa pafupifupi 10 miliyoni pa sabata. Anthu ntchito zitatha, ndalama yopitira kokasangalala palibe, ankagula ya masenti 25 banja lonse nkukhalirapo, akamaliza kusinthana ndi aneba, ndipo masitolo ena ankachita kubwereketsa pa tsiku. Mu 2020 nthawi ya Covid zinachitikanso, anthu atatsekeredwa m'nyumba makampani ankalephera kukwanitsa maoda. Ndiye mjomba, zoti ndi za anthu opanda mavuto ayi, zimayenda bwino nthawi ya mavuto yomweyo.

Ine ndili pa ntchito ndinkapanga zanga. Ndinkajambula mapu a Malawi pa katoni yolimba, kupaka mitundu, nkudula motsata maboma. Maboma 28, kumpoto 6, pakati 9, kumwera 13. Mwana woti wakhala akuloweza maina osadziwa kuti ali pati, akagwira Ntchisi m'manja nkumayesa kuilowetsa, amaona yekha kuti ikukhala pakati pa Dowa, Kasungu ndi Nkhotakota, ndipo saiwalanso. Chiradzulu ndi Likoma ndi zomwe zinkasowa kawirikawiri chifukwa chochepa, mwana amangoika m'thumba la yunifolomu, moti Likoma ndinkangoidulira limodzi ndi chidutswa chachikulu cha nyanja.

Mayi a Tada, pa funso lanu ndikugwirizana ndi a Nabanda kuti gulani yabwino, koma ine chifukwa changa ndi china. Yabwino imapirira manja ambiri. Mupanga inu, apanga ana, mubwereketsa kwa anzanu a ku kwaya, ibwera, patatha chaka mupanganso mwaiwala kale. Yotchipa ikangopangidwa kamodzi timitu tija timapindika nkuthothoka. Mukawerengera bwino yodulayo ndi imene yatchipa. Ngati pali mwana wosakwana zaka 3 m'nyumbamo samalani, timapisi timeneti amaika m'kamwa, ndi chifukwa chake pa bokosi amalembapo chenjezo. Ana okulirapo achimwenewo awatengere zawo za mapisi 48 kapena 100, apo ayi adzakusokonezerani yanu.

Wa_ku_Joni:

Ine ndisiyaneko pang'ono ndi akuluakulu ayankha pamwambapa, osati pa quality ayi apo akunena zoona, koma pa zoti mpaka igulidwe yatsopano ya mu pulasitiki. Mwanena nokha kuti imene inakukomerani ndi ya mu belo, bokosi lotha, ndiye mukuona kuti puzzle yabwino olo ikhale yakale imakhalabe yabwino. Kuno ku Joni zatsopano zimapezeka ku Exclusive Books, Toys R Us, pa Takealot, koma achimwenewo akazungulire kaye m'mashopu a hospice ndi a charity aja, ogulitsa zinthu zakale zimene anthu apereka mwaulere, kapena aone pa Facebook Marketplace, anthu kuno amapanga kamodzi nkugulitsa motchipa, pa ndalama ya imodzi yatsopano atha kupeza zingapo za maina omwewo a Nabanda atchulawo. Chiopsezo ndi pisi yosowa basi, ena amalemba pa bokosi kuti yonse ilipo ena salemba, ine sindidandaula nazo kwenikweni, pisi imodzi ikasowa ndimaika pepala pansi pa bowolo ndikujambula shepu, kudula pa katoni, kupaka ndi makrayoni a mwana, ukaima patali suona.

Mukafuna kuwerenga mapisi musadabwe akapitirira, zambiri zolembedwa 1000 sizikhala 1000 ndendende chifukwa mizere iyenera kukwanirana, ina imakhala 36 kwa 28 yomwe ndi 1008, ina 38 kwa 27 yomwe ndi 1026.

Za tebulo ndi zosavuta asisi. Ya 1000 ya Ravensburger ikatha imakhala 70cm kwa 50cm, nde pitani kwa kalipentala akudulireni plywood kapena hardboard ya 80 kwa 60, akhomere timatabwa ting'onoting'ono m'mbali kuti mapisi asamagwe, muzipangira pamenepo, nthawi ya nsima mwanyamula mwalowetsa pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati mwavindikira ndi chitenje. Kuno amagulitsa timphasa topinda toti umakulunga puzzle yosatha, ndinayesapo ka mnzanga koma ine bolodi ndi imene imandiyanja. Mapisi otsala gawani m'mathireyi, m'malichero, olo zivindikiro za mabokosi a nsapato, ofiira paokha, a mitambo paokha, okhala ndi zolemba paokha, ndipo onse ayang'ane kumwamba musanayambe, ndi ntchito yotopetsa koma mukaidumpha mudzakhala mukuvundula mu bokosi usiku wonse. Anthu ambiri amayamba ndi makona anayi ndi m'mphepete, ine ndimayamba ndi chimene chandikopa maso, m'mphepete ndimamaliza nayo, palibe lamulo. Mukafika pa mitambo pamene mtundu sukuthandizanso, sanjani mapisi potengera shepu, a timitu tiwiri mzere wawo, a titatu wawo, a kamodzi wawo, kenako muziyang'ana bowo likufuna wotani, zimafulumira kwambiri.

Chimene anthu a kunja sangakuuzeni ndi dzinja la kwathu, makamaka ku Zomba kwanuko. Katoni imayamwa chinyontho, mapisi amafufuma nkupindika, olo ikhale yodula bwanji. Mukamaliza ikani mu pulasitiki wa zipi musanabwezere mu bokosi, ndipo bokosi lisakhale pa simenti kapena kutsamira khoma, chiswe ndi mphemvu zimakonda katoni ndi guluu. Achimwenewo ngati akubwera pa basi atulutse matumba a mapisi aike pakati pa zovala, mabokosi awaphwathalitse bwinobwino awaike pansi pa sutikesi, apo ayi katundu wa anthu akadzasanjikizana ulendo wonse mpaka pa Mwanza lidzafika litaphwanyika, ndipo bokosi mumalifuna chifukwa chithunzi chili pamenepo. Angolemba ndi maka pa thumba lililonse kuti zisasokonekere.

Mjomba mwafunsa kuti wopambana ndani, aliko. Ku Valladolid ku Spain kumachitika mpikisano wa dziko lonse, unayamba 2019, munthu mmodzi amapatsidwa ya mapisi 500 imene sanaionepo ndipo akatswiriwo amamaliza mphindi 40 zisanakwane. Taonani pa YouTube manja ake mmene amathamangira, anthu kuchemerera ngati ku mpira. Ine zothamanga sizindisangalatsa, ya 500 ndimakhala nayo mpaka itandikwana, koma musanene kuti kulibe odyana.

Mjomba_wa_Bawo:

Mphindi 40?? Amenewo abwere pa bawo tione ngati manjawo angathamange chimodzimodzi. Koma za mapu a maboma zija aphunzitsi ndavomera, wanga wa sitandade 5 amaika Nsanje kumpoto.

Mayi_a_Tada:

Zikomo nonse mwandithandiza zedi. A Nabanda munalosera, ndatembenuza zilembo zilipodi kumbuyo, ndawapeza olakwikawo, ena anali atakhala mozondoka nkulowabe bwinobwino kkkk. Ndimaliza ndithu kuti ndalama yanga isapite pachabe koma yachiwiri ya mtundu umenewu ayi. Achimwene ndawatumizira maina onse ndawauzanso za ma charity shop, akuti ayendako Loweruka. Bolodi ndikafunsa kwa kalipentala wa pafupi ndi kwathu. Funso lomaliza, bambo a kunyumba akuti ikatha tidzaimate tiipachike pa khoma pabalaza, akuti apo ndiye ndalama yaoneka. Zimatheka? Guluu wake ndi uti?

Nabanda_UK:

Zimatheka asisi. Pali guluu wake wa ma puzzle amagulitsa m'mashopu omwewo, koma guluu woyera wa matabwa uja amagwiranso, amene amati akauma amaoneka mbee ngati madzi. Ikani pulasitiki pansi kuti isamatirire ku bolodi, pakani pamwamba pa chithunzi mopyapyala ndi kakatoni kapena khadi yakale ya ku banki kuti alowe m'mipata, musathire wambiri chifukwa katoni ikanyowa imapindika. Isiyeni usiku wonse, mawa lake muimate pa hardboard kenako felemu. Yesani kaye pa yotchipayo muone mmene ziyendere, ikawonongeka simulira. Njira ina yosadetsa ndi kuitembenuza nkumata selotepi yaikulu ija kumbuyo konse.

Koma ine ndinene maganizo anga, yabwinoyo musamate. Mukamata yatha, yasanduka chithunzi wamba chokhala ndi mizere, pomwe mukanatha kusinthana ndi munthu wina nkupeza ina ulere. Kuno ndi mmene timachitira, ndikamaliza ndimaijambula pa foni, ndimaisiya pa tebulo masiku angapo aliyense wodutsa aisisite, kenako ndimaphwasula nkukaisiya ku charity shop ndikutengako ina. Kumudziko poti zimasowa ndiye kusinthana kukufunika kwambiri, mukapeza anthu atatu anayi mu Zomba momwemo aliyense ali ndi ziwiri, chaka chonse simugulanso. Bambowo auzeni asankhe imodzi yokha ya pa khoma, ndipo alumikize nawo, asamangodikira felemu. Akayamba kukonda muwaonetse ya Ravensburger ya mapisi 40,320, kutalika kwake pafupifupi mamita 7, muwafunse khoma lake alipeza kuti.

Mukamaphwasula musamakoke mwamphamvu, igwireni m'mbali muziipinda pang'onopang'ono imalekana yokha, ndipo mapisi a m'mphepete muwaike m'kathumba kawokawo ngati mukufuna kumukomera mtima amene adzapange pambuyo panu. Ena amadana nazo akuti mwawalanda theka la ntchito, nde muzifunsa kaye.